Mawu a adadi m'mutu mwake: lipoti la nkhani ya mnyamata wa zaka 23

Ndalemba lipotili chifukwa anzanga angapo a ntchito ya uphungu akhala akundifunsa kuti mwamuna wokonda amuna anzake akakhala pampando wako umayambira pati, ndipo ena amanena mosabisa kuti iwowo sangamulandire n'komwe. Mwini nkhaniyi anavomera kuti ndilembe, anawerenga yekha zonse ndisanazitulutse, ndipo pali zinthu zingapo zomwe tasintha dala monga dera lomwe amakhala ndi ntchito za abale ake kuti wina asamuloze chala. Dzina sinditchula, ndizingoti mnyamatayu basi.

Mmene anabwerera

Anafika kwa ine mu 2023 nyengo yozizira ikupita kumapeto, atatumizidwa ndi clinical officer wa pa kachipatala kena konkuno ku Blantyre. Pakapepala komwe anabwera nako panangolembedwa kuti kusowa tulo, mutu wosatha, mtima kuthamanga, malungo ayezedwa kawiri osapezeka, BP ili bwinobwino. Zaka 23, wachiwiri kubadwa m'banja la ana anayi ndipo mwamuna ndi iye yekha. MSCE anakhoza bwino, anayamba kosi ya accounting pa koleji ina koma inathera panjira chifukwa fizi inaima. Nthawi imeneyo amagona mu shopu ya hadiweya ya mnzake wa kusekondale, masana kuthandiza kugulitsa misomali ndi penti, usiku kuyala makatoni kuseri kwa kauntala.

Sesheni yoyamba sanalankhule zambiri, maso pansi, kapu ili m'manja akuipindapinda. Chomwe amafuna ndi mapilitsi ogonetsa basi. Ndinamufunsa mafunso a PHQ-9, ija fomu ya mafunso 9 yomwe timayezera kukula kwa matenda a kukhumudwa, mamakisi ake amayambira 0 kulekeza 27 ndipo kuyambira 20 kupita m'mwamba ndiye kuti zafika poipa. Iye anapeza 21. Pa funso lomaliza lija lofunsa ngati munthu amaganiza kuti bola kufa, anakhala chete kanthawi kenako anati "masiku ambiri anti". Ndinamufunsa mwachindunji ngati anakonzapo njira, anavomera, ndipo zomwe anakonzazo anali nazo pafupi. Apa ndiye zina zonse zinayamba zaima kaye. Tsiku lomwelo tinalemba pulani ya chitetezo, zizindikiro zomwe amaona zinthu zikayamba kuipa, anthu awiri oti angawaimbire usiku, nambala yanga, komanso anavomera kuti mnzake wa shopu uja achotse zinthu zoopsazo osafunikira kumuuza chifukwa chenicheni. Ndinamubweza kwa clinical officer ndi kalata ndipo anamuyambitsa fluoxetine. Ndinapempha dala kuti asamupatse amitriptyline ngakhale ndi amene amapezeka msanga komanso amagonetsa, chifukwa kwa munthu amene ali ndi maganizo odzipha mankhwala amenewa ndi oopsa akamwedwa ambiri. Ndinamuuzanso kuti fluoxetine sagwira lero ndi lero, pamatenga masabata angapo, asadzataye mtima n'kusiya.

Chomwe chinamubweretsa chenicheni chinatuluka pa sesheni yachitatu. Anakhala pansi n'kunena kuti "anti mungandithandize kuti ndisiye?" Ndinati kusiya chani achimwene. Anayesa kawiri mawu osatuluka, kenako ananena mwachangu ngati akulavula chinthu chowawa, "ndine wa mathanyula". Ndinaona kuti mawu amenewa si ake, mmene anawatchulira ndi mmene amatchulira munthu wamkulu wokwiya, mpaka nsagwada kulimba. Ndinamufunsa kuti anayamba kuwamva kwa ndani. Anati kwa adadi.

Mbiri yake

Bambo ake ndi mkulu wa mpingo, munthu wolemekezeka kudera kwawo, oti pamaliro ndi pa zinkhoswe amapatsidwa mpata wolankhula. Ndipo apa ndikufuna ndichedwepo pang'ono chifukwa anthu akamva nkhani ngati iyi amafulumira kuganiza za bambo woipa mtima kuyambira kale, pamene zikanakhala choncho mwina ntchito yanga ikanapepuka. Bambowa ndi amene anamubereka kumsana usiku kuthamangira naye kuchipatala ali ndi zaka 6 atakomoka ndi malungo, ndi amene amamuphunzitsa masamu pa nyali magetsi akazima, amamutcha "wolowa m'malo mwanga" pamaso pa alendo. Mnyamatayu amawakonda bambo ake mpaka lero. Bala lake lagona pamenepo.

Amakumbukira bwinobwino chaka cha 2010, ali ndi zaka pafupifupi 10. Amene tinalipo tikukumbuka mmene dziko linatekesekera ndi nkhani ya Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, Aunt Tiwo, omwe anamangidwa mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre, khoti n'kuwagamula zaka 14 mu Meyi 2010, kenako pulezidenti Bingu wa Mutharika n'kuwakhululukira patangopita masiku ochepa nthawi yomwe Ban Ki-moon wa United Nations anabwera kuno. Nkhaniyi inali paliponse, pawailesi, m'minibasi, pamjigo, ana kusukulu kumatchulana kuti Aunt Tiwo pofuna kunyozana. Kwawo amamvera nkhani za madzulo akudya nsima, ndipo tsiku lina bambo ake anasiya mbamu m'mbale n'kunena kuti "akanakhala mwana wanga ameneyo ndikanamupha ndi manja angawa, kundende ndikanapita mosangalala". Amayi ake anangoti "zoona". Mwanayo nthawi imeneyo sankadziwa dzina la chomwe amamva, koma ankadziwa kale kuti pali kena kake kosiyana ndi anzake, ndipo usiku umenewo anazindikira kuti kena kakeko ndi komwe adadi akunena. Anandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo anayamba kudziyang'anira yekha ngati mlonda, mayendedwe, mawu, mmene akuikira manja polankhula, kusiya kusewera fulaye ndi azichemwali ake, kukakamira mpira omwe samaukonda n'komwe. Zaka 13 munthu akudzilondera yekha usana ndi usiku, ndiye tulo tichokera kuti.

Ali fomu 2 anayamba kusala kudya, kupita kuphiri kukapemphera usiku wonse, kulonjeza Mulungu kuti akamuchotsera chinthuchi adzakhala m'busa. Anali mu kwaya, mawu ake a tenor ndi abwino zedi. Ali fomu 4 anafunsira mtsikana wa mu kwaya momwemo kuti mwina zisintha, chibwenzi chinatha chaka osasintha kanthu, ndipo mpaka pano amadziimba mlandu kuti anamutayitsa nthawi mtsikanayo.

Zinaphulika ali ku koleji. Anadziwana ndi munthu wina pa Facebook, anacheza miyezi ingapo, kenako munthuyo anatembenuka n'kuyamba kufuna ndalama kuti akapanda kutumiza aulula. Anatumiza pa foni kawiri, ndalama ya fizi, ulendo wachitatu analibe, ma screenshot n'kupita ku nambala ya bambo ake. Izi sizachilendo, ndakumana nazo kangapo, ndipo zimatheka chifukwa wochita chipongweyo amadziwa kuti mnzakeyo sangapite kupolisi. Pa nkhani ya kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu, pa gawo 153 imapereka mpaka zaka 14 kundende, gawo 156 zaka 5, ndipo gawo 137A lomwe linawonjezedwa pambuyo pake limakhudza akazi okhaokha. Munthu woberedwa amaopa kuti akakadandaula amene atsale m'chitokosi ndi iyeyo.

Bambo ake anamumenya ndi lamba kumbali ya chitsulo, mwana wa zaka 22, kenako anaitana anthu a mapemphero kudzatulutsa chiwanda masiku atatu, kumugwira manja ndi miyendo, kumukuwira m'makutu. Zitatha anamufunsa pamaso pa onse ngati chatuluka. Iye anati ananena kuti eya chifukwa anatopa. Anakhala pakhomopo miyezi ina ingapo ngati mkaidi, foni analandidwa, fizi inaima. Ndiye mu Julaye 2023 azipembedzo atachita zionetsero mu Blantyre ndi madera ena zotsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, nthawi yomwe nkhaniyi inali ku khoti, bambo ake anamuuza kuti apite nawo anyamule chikwangwani kuti anthu aone kuti anachira. Anakana, ndipo aka kanali koyamba m'moyo wake kukana chonena adadi. Madzulo ake anapeza zovala zake zili panja mu jumbo, ndi mawu oti "ine ndilibe mwana wamwamuna, ndikadzafa usadzaponde pamanda anga".

Mmene ndinaionera nkhaniyi

Matenda omwe ndinalemba ndi kukhumudwa kwakukulu ndi maganizo odzipha, nkhawa, komanso zizindikiro za munthu amene wadutsa m'zoopsa, monga kudzidzimuka wina akakweza mawu ndi kulota akugwiridwa manja. Kukonda amuna anzake sindinalembe ngati matenda chifukwa si matenda. Bungwe la madotolo a maganizo ku America linachotsa zimenezi pa mndandanda wa matenda mu 1973, ndipo World Health Organization inachita chimodzimodzi pa 17 Meyi 1990. Pempho lake loti ndimuthandize kusiya ndinamuyankha mosapsatira kuti achimwene, palibe uphungu kapena mankhwala omwe anaonetsa kuti amasintha zimenezi, chomwe chimaoneka kwa anthu okakamizidwa kusintha ndi kuwonjezeka kwa kukhumudwa, ndipo inu mwayesa kale zaka zoposa khumi ndi mtima wanu wonse. Analira nthawi yaitali. Ndinkaopa kuti sabweranso, koma sabata yotsatira anabwera.

Chomwe chimamudwalitsa ndi kukanidwa. Pali kafukufuku wa Caitlin Ryan ndi anzake yemwe anatuluka mu 2009 ku America, anapeza kuti achinyamata otere omwe anakanidwa kwambiri ndi mabanja awo anali ndi mpata woposa ka 8 woyesa kudzipha poyerekeza ndi omwe sanakanidwe kapena anakanidwa pang'ono. Ndi za kwina inde, koma kuno komwe banja ndi ndalama ya fizi, ndi malo ogona, ndi munda, ndi manda omwe, kukanidwa kumalemera kuposa pamenepo. Ndipo choopsa kwambiri chomwe ndinaona ndi choti bambo ake sanafunikenso kukhalapo kuti amuzunze. Mawu awo anasamukira m'mutu mwake. Akalakwitsa chenji mu shopu mawu amabwera, "chitsiru, wa mathanyula". Akaseka ndi mnzake mawu amabwera, "ukuseka ngati mkazi". Iye ankaganiza kuti amenewa ndi maganizo ake kapena chikumbumtima, mwinanso Mulungu amene. Ndinaona kuti ntchito yathu yagona apa, kuti adziwe kusiyanitsa mawu a adadi ndi mawu ake.

Ndinenenso za ine mwini poti ndi mbali ya nkhaniyi. Ndinakulira mu mpingo ndipo ndimapemphera mpaka lero, maulaliki omwe anamva mnyamatayu inenso ndinawamva. Ndinapita nayo nkhaniyi kwa supervisor wanga, osatchula dzina, kuti ndione ngati pali china mwa ine chomwe chingamupweteke mosadziwa, chifukwa munthu amene wakhala zaka 13 akuwerenga nkhope za anthu amaona ngakhale kakhwinya kakang'ono pachipumi pako.

Zomwe tinachita

Tinakumana masesheni 22 pa miyezi pafupifupi 11, poyamba sabata iliyonse kenako kawiri pamwezi. Miyezi iwiri yoyamba inali yongomugwiriziza kuti akhale moyo, kudya kawiri patsiku, kuyenda m'mawa asanatsegule shopu, kusiya kachasu yemwe anayamba kumwa kuti agone. Tinagwiritsa ntchito njira yothetsera mavuto limodzilimodzi ngati ija ya Friendship Bench yomwe anayambitsa Dixon Chibanda ku Zimbabwe, kusankha vuto limodzi lotheka, kuganiza njira zingapo, kuyesa imodzi sabata imeneyo. Vuto loyamba lomwe anasankha linali matiresi. Zinamutengera masabata atatu kusunga ndalama ya kamatiresi kakang'ono ka kaunjika ndipo anabwera akumwetulira koyamba.

Kenako tinayamba kabuku. Kope wamba la masamba 40, tsamba lililonse kulijambula mzere pakati, mbali imodzi kulemba mawu omwe abwera m'mutu, mbali inayo funso limodzi lokha, mawu awa ndi a ndani. Sabata yoyamba anabwera ndi masamba 6 odzaza ndipo pafupifupi mzere uliwonse yankho linali adadi, apo ndi apo aphunzitsi ena a ku pulayimale, apo ndi apo anthu a mapemphero aja. Anayang'ana kopelo n'kundifunsa kuti "nanga anga ali kuti anti?" Funso limeneli ndi lomwe linatitsogolera miyezi yonse yotsatira. Tinawonjezera danga lachitatu loti alembe zomwe iyeyo akanamuuza mng'ono wake atakhala kuti ali m'vuto lomweli, chifukwa kudzichitira chifundo yekha kumamukanika koma kuchitira wina amatha bwino. Pang'ono ndi pang'ono danga lachitatulo linayamba kutalika. Tinakambirananso za mawu oti adzitchule nawo. Loti mathanyula anati limamununkha, loti gay anati poyamba limamveka ngati la anthu a pa TV, ndiye kwa nthawi yaitali ankangoti "mmene ndililimu" ndipo ine ndinatsatira zomwezo osamukakamiza.

Pali njira ina yomwe tinaphunzira ku sukulu ya uphungu yoika mpando wopanda munthu kutsogolo kuti kasitomala ayerekeze kuti pakhala amene anamulakwira amuuze zakukhosi. Ndinayesa. Mnyamatayu anangoimirira pampando wake n'kunjuta pansi, manja pamodzi, maso kumbali, mmene mwana woleredwa bwino amachitira polankhula ndi bambo ake, ndipo mawu aukali omwe buku limayembekezera sanatuluke ngakhale limodzi. Poyamba ndinaona ngati njirayo yakanika, koma nditaganiza bwino kunyumba ndinaona kuti ndine amene ndimafuna chinthu cholakwika. Mwana wa kwathu kuno sachira pokalipira bambo ake, ndipo ndikanamukankhira kumeneko ndikanamuwonjezera mlandu wina mumtima. Ndiye tinasintha, analemba kalata yosatumiza, yonse mwaulemu wake, adadi, inu, munandibereka kumsana, munandiphunzitsa masamu, koma apa munandilakwira, lamba uja munandilakwira, anthu aja munandilakwira, ine sindinasankhe. Anaiwerenga mokweza atanjuta chomwecho, mawu akunjenjemera koma anafika nayo kumapeto. Tsiku limenelo anazindikira kuti angathe kuwalemekeza bambo ake kwinaku akukana zomwe amanena za iye, kuti ziwirizi sizilimbana. Kwa ine apa ndi pomwe nkhani yonse inakhotera.

Za chikhulupiriro sindinalowerere ngati m'busa chifukwa si ntchito yanga, ndipo sindinamuuze kuti asiye kapena apitirize. Ndinangomufunsa kuti Mulungu amene amamuopa uja nkhope yake ikufanana ndi ya ndani. Anaseka pang'ono n'kuti ndi ya adadi, mpaka magalasi omwe. Patapita masabata anabwera yekha ndi Masalimo 27 vesi 10, ija yokamba za munthu amene bambo ndi mayi ake amutaya koma Yehova n'kumutola, anati wakhala akuiwerenga kuyambira ali mwana koma sanaionepo kuti ikunena za iye. Pano amapemphera ku mpingo wina kutali ndi kwawo, amakhala kumbuyo, sanauze aliyense, ndipo wayambanso kuimba.

Pomwe ndinalakwitsa

Cha pa sesheni ya 9 zinthu zikuoneka kuti zikuyenda, ndinamulimbikitsa kuti akumane ndi amayi ake, poganiza kuti mayi ndi mayi. Iye anali ndi mantha koma anandimvera. Anakumana kumsika, amayi analira, anamupatsa ndalama pang'ono ndi ufa, koma atafika kunyumba anakawauza bambo, mwina chifukwa cha mantha kapena poganiza kuti akonza zinthu. Usiku womwewo bambo anaimba pa foni ya mnzake wa shopu n'kunena zonse, kuti ukusunga munthu wotani. Mwamwayi mnzakeyo anangoti ndamva, n'kudula foni, ndipo m'mawa anamuuza mnyamatayu kuti "aise ine ndinadziwa kalekale tili fomu 3, tsegula shopu". Koma zikanatha kuipa kwambiri, akanatha kugona panja kapena kumenyedwa ndi anthu. PHQ-9 inakweranso kufika 18 ndipo tinabwerera ku pulani ya chitetezo. Ndinamupepesa. Ndinafulumira chifukwa ndinkafuna ine kuona banja likugwirizana, sindinafunse mokwanira kuti amayiwo ali ndi mphamvu zanji m'nyumbamo, ndipo iwonso amadalira bambowo pa chilichonse. Anzanga a ntchito, nkhani yoti auze ndani komanso liti mwini wake ndi kasitomala, ndipo musanavomereze funsani kuti zikavuta agona kuti usiku umenewo.

Amalume

Thandizo linachokera komwe sindinaganizeko. Tikujambula mtengo wa banja lake ndinafunsa za kuchikazi, ndipo zinapezeka kuti kwawo kwa amayi ake ndi kwa chikamwini, komwe ana ndi a kwa mayi ndipo mwini mbumba ndi malume. Amalume ake aakulu ndi mlimi wa nandolo ndi chimanga kumudzi, sukulu analekeza sitandade 5. Ulendo uno sitinathamange, tinatenga masesheni atatu kukonzekera, anene chani, asanene chani, ndalama ya transipoti yobwerera ikhale m'thumba, mnzake adziwe komwe ali. Anasankha yekha kunena zoona zonse.

Mmene anandifotokozera, amalumewo anakhala chete nthawi yaitali akusenda chimanga, kenako anati "zimene ukunenazi ine sindikuzimvetsa ndipo sindinama kuti ndazikonda, koma chibale ndi fupa sichiola, mwana wa mlongo wanga sagona pa katoni ine ndili moyo". Sanapite kukakangana ndi alamu awo za Baibulo, anangowatumizira uthenga kuti mwanayu ndi wa mbumba yanga ndipo kumudzi kuno ali ndi malo. Atagulitsa nandolo anamulipirira theka la fizi ya teremu imodzi, theka linalo anapeza yekha ku shopu. Si kuti amalumewo anasintha maganizo, mpaka pano amamufunsa ngati sangayesebe kukwatira. Koma kwa mnyamatayu kumva munthu wamkulu wa magazi ake akunena kuti ndiwe wathu, ngakhale asakumvetsa, kunachita zomwe masesheni anga onse sakanatha paokha. Ife aphungu timaphunzira mabuku olembedwa kwa anthu omwe banja ndi bambo, mayi ndi ana basi, ndiye timaiwala kufunsa za amalume, azakhali ndi agogo.

Maliro opanda mtembo

Gawo lomaliza linali lovuta mwa mtundu wina. Atayamba kupeza bwino anayamba kulota kuti tsiku lina adadi adzaimba foni n'kunena kuti bwera kunyumba mwana wanga, ndipo chilichonse chomwe amachita, kubwerera ku koleji, kukhoza mayeso, mumtima amati adadi akamva asintha. Ndinaona kuti wangosamutsa ndende, moyo wake wonse ukudikirabe chigamulo cha munthu mmodzi. Ndinamufunsa kuti nanga akapanda kusintha mpaka kalekale, inu mudzakhala ndani. Anakwiya nane tsiku limenelo, koyamba, ndipo ndinasangalala mumtima kuona kuti akutha kukwiyira munthu wamkulu osanjenjemera. Masesheni anayi otsatira anali ngati maliro, iye mwini ndi amene anawatcha maliro opanda mtembo, kulira bambo amene ali moyo, amene amadutsa pa msewu womwewo pa njinga yawo. Sitinatseke chitseko, mwina tsiku lina adzasintha, anthu amasintha, koma anasiya kuima pachitsekopo.

Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho la anthu awiri, Jan Willem Akster ndi Jana Gonani, loti malamulo oletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha athetsedwe, ndipo malamulo aja anakhala momwemo. Ndinkada nkhawa kuti zimubweza m'mbuyo chifukwa pawailesi ndi pa WhatsApp panadzazanso mawu aja. Anabwera atakhumudwa ndithu, anati zikuwawa kudziwa kuti dziko lako likukuona ngati chigawenga, ndipo tinakambirana zodziteteza, kusamala pa intaneti, kusakumana ndi munthu wosamudziwa kumalo obisika, komanso kuti mabungwe ngati CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance alipo ngati angafune thandizo la malamulo kapena kudziwana ndi ena. Koma m'kope mwake tsiku limenelo, mbali ya funso lija, analemba kuti "awa ndi mawu a khoti, si anga".

Pomwe ali pano

Potseka, PHQ-9 inali 5, maganizo odzipha anali atatha miyezi 6 osabwera, mowa anasiya, mankhwala amapitiriza moyang'aniridwa ndi clinical officer kuti adzasiye pang'onopang'ono nthawi ikakwana. Akuchita lendi kachipinda kamodzi, koleji akupitiriza, mchemwali wake wamkulu amamuyendera mwakabisira ndipo amayi amatumiza moni kudzera mwa iyeyo. Omwe amakamba nawo za mmene alili ndi anthu ochepa okha ndipo akuti pakali pano akwana. Zoopsa zilipobe, malamulo ndi omwewo, munthu wa ma screenshot uja sanapezeke, ndipo tinagwirizana kuti tulo tikangoyamba kuthawa masiku atatu otsatizana aimbe foni osadikira.

Tinaonananso patapita miyezi itatu monga mwa pangano. Anandiuza kuti agogo ake akuchikazi anamwalira ndipo anapita kumaliro kumudzi, amalume anamuika pa gulu la anyamata otema nkhuni ndi kunyamula mabenchi ngati mdzukulu wina aliyense wa pakhomopo. Bambo ake analipo, anakhala ndi akuluakulu pansi pa mtengo wa mango. Iye anapita, ananjuta, n'kunena kuti "mwadzuka bwanji adadi". Bambowo anayang'ana kumbali osayankha, anthu onse akuona. Anadikira pang'ono, anaimirira, n'kubwerera ku nkhuni zake.

Ndinamufunsa kuti usiku umenewo zinali bwanji. Anati zinamuwawa, analira kuseri kwa nkhokwe, mawu aja anabwera ndipo anawazindikira kuti ndi a ndani. "Kenako ndinakagona pa mphasa ndi azisuweni anga, anti. Ndinagona mpaka anachita kundidzutsa kuti phala lapsa."